Ine ludzu silindichoka, mayi anga samwa n'komwe: ndi thupi kapena mahomoni?

Mayi wina wa ku Nchalo, wazaka 42, amene amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pamsika, watilembera motere: "Chibadwire mwana wanga wachitatu thupi lakhala likungokula. Kale sikelo inkaima pa 64, pano ili pa 89. Miyezi inayi yapitayi ludzu landikola. Chigubu cha malita 5 ndimamaliza ndekha dzuwa lisanalowe, usiku ndimadzuka kanayi kukataya madzi, koma kukhosi kumakhalabe gwa. Anzanga akuti n'kunenepaku, mlamu wanga akuti ndi mahomoni poti ndikuyandikira kusiya kusamba. Chondidabwitsa n'chakuti mayi anga a zaka 74, amene tikukhala nyumba imodzi, kapu imodzi imawakwanira tsiku lonse ngakhale mu Okutobala. Vuto lili mwa ndani?"

Mayi, ndiyambe ndi chimene sichingadikire: sabata ino isathe musanakayezetse shuga. Anzanu ndi mlamu wanu aliyense wagwirako mbali ya zoona, ndipo ndifotokoza bwinobwino. Koma ludzu la malita 5, loyenda limodzi ndi kudzuka kanayi usiku, mwa munthu amene thupi lakwera ndi makilogalamu 25, sindingalole kuti nkhani yake ithere pa mawu akuti "ndi thupi basi". Mayi anunso ndili nawo nkhawa, ngakhale iwo sakudandaula kanthu.

Tikamva ludzu timagwira pakhosi, koma amene amalamula kuti munthu amwe ndi ubongo. Mkati mwenimweni mwa mutu, kutsogolo kwa chigawo chotchedwa hypothalamus, kuli kakhoma kopyapyala kotchedwa lamina terminalis. Ubongo wonse uli ndi mpanda woletsa zinthu za m'magazi kulowa chisawawa, koma pa kakhoma aka pali timalo tiwiri topanda mpanda, ndipo maselo a pamenepo amalawa magazi usana ndi usiku. Inu mumadziwa mmene mumadonthetsera msuzi pachikhatho kuti mumve mchere. Mumadziwanso kuti msuzi ukaphwera pamoto mchere umawawa ngakhale simunawonjezere. Magazi nawo amatero. Madzi akatuluka ndi thukuta, mpweya ndi mkodzo, mchere wotsala umachuluka mphamvu, umakoka madzi m'maselo olawa aja, maselowo amafota pang'ono n'kuyamba kukuwa. Kusintha kwa 1 kapena 2 peresenti chabe kumakwanira kuti munthu ayambe kufunafuna mtsuko. N'chifukwa chake mchere wa sodium m'magazi a munthu wabwinobwino umangoyenda pakati pa 135 ndi 145, kaya wagwira ntchito m'munda wa nzimbe tsiku lonse kapena wakhala pamthunzi.

Anthu anazindikira zimenezi kudzera mwa mbuzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Bengt Andersson wa ku Sweden ankadonthetsera timadzi ta mchere tochepa kwambiri mu hypothalamus ya mbuzi zimene zinali zitamwa kale mokwanira. Mbuzizo zinkathamangira kumadzi n'kumwa mopyola muyeso. Kukhosi kwake sikunali kouma. Chimene chinasintha ndi kamalo kamodzi ka mu ubongo.

Maselo aja akakuwa, ubongo umapereka malamulo awiri. Loyamba ndi ludzu. Lachiwiri limapita ku impso kudzera mu homoni, kunena kuti uthenga wa thupi woyenda m'magazi, yotchedwa vasopressin, imene imapangidwa mu hypothalamus n'kutulutsidwa ndi kachiwalo kochepa ngati njere ya nandolo kotchedwa pituitary. Impso za munthu wamkulu zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku, kunena kuti ndowa 9 za malita 20, koma mkodzo umene timataya umangokhala lita ndi theka kapena chapompo. Ena onsewo amabwerera m'magazi, ndipo vasopressin ndi amene amagamula za gawo lomaliza. Akachuluka, amatsegula timakomo ta madzi m'timachubu ta impso, madzi amabwerera m'thupi, mkodzo umachepa n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Timakomo timeneti timatchedwa aquaporin, ndipo Peter Agre analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa chotitulukira. Mowa umatseka vasopressin kwa kanthawi. Ndiye chifukwa chake womwa mowa amapita kuseri pafupipafupi, m'mawa n'kudzuka ndi ludzu la matsire.

Pali njira ina imene siyang'ana mchere koma kuchuluka kwa magazi. Munthu akatsekula m'mimba kwambiri, akadwala kolera, kapena mayi akataya magazi pobereka, impso zimamva kuti magazi akufika ochepa ndipo zimatulutsa renin. Renin amadula puloteni yochokera ku chiwindi yotchedwa angiotensinogen, ndipo ikadutsa m'mapapo imasanduka angiotensin II. Homoni imeneyi imafinya mitsempha kuti BP isagwe, imauza tiziwalo ta pamwamba pa impso kuti titulutse aldosterone wosunga mchere, kenako imakagogoda pa timalo topanda mpanda tija. James Fitzsimons wa ku Cambridge ndi anzake anasonyeza mu 1970 kuti angiotensin akaikidwa mu ubongo wa khoswe, khosweyo amasiya chimene akuchita n'kulunjika pamadzi. Mtima nawo uli ndi mawu ake: magazi akachuluka n'kuukoka, umatulutsa homoni yotchedwa ANP, imene imachepetsa ludzu n'kulola impso kutaya mchere ndi madzi.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa zonsezi n'chakuti ubongo sudikira. Madzi amene mwamwa amatenga mphindi 10 kapena kuposerapo kuti asinthe magazi, koma ludzu limatha muli chigwirire kapu. Mu 2016 gulu la Zachary Knight ku San Francisco linayang'ana maselo a ludzu mu ubongo wa mbewa zamoyo, ndipo linaona kuti maselowo amazima mbewa ikangoyamba kumwa. Ngakhale kachitsulo kozizira kakangokhudza m'kamwa mwake, maselowo ankachepetsa phokoso. Anaonanso kuti mbewa ikayamba kudya maselowo amadzuka chakudya chisanafike n'komwe m'magazi. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha madzi a mumtsuko, amene amapha ludzu msanga kuposa a m'chigubu chokhala padzuwa, ndiponso chifukwa chake nsima ya usipa wamchere imaitana kapu ya madzi musanasambe m'manja. Ubongo umamva za m'kamwa ndi za kukhosi n'kuwerengeratu. Koma ngati magaziwo sanakonzeke, patapita kanthawi ludzu limabwerera. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene ikufotokoza ludzu lanu.

Tsopano za mlamu wanu. N'zoona kuti mahomoni a amayi amasuntha mzere umene ubongo umayambira kuitanitsa madzi. Zimaonekera kwambiri pa mimba. M'masabata oyambirira, mahomoni monga hCG ndi relaxin amatsitsa mzerewo, moti mayi amamva ludzu ndipo amasunga madzi magazi ake asanafike pamene ankafika kale. Sodium wake amatsika ndi 4 kapena 5, ndipo si matenda. Thupi likukonza madzi a m'magazi amene amawonjezeka ndi 40 mpaka 50 peresenti pofika kumapeto kwa mimba. Poyamwitsa mwina mukukumbukira ludzu lija limene linkabwera mwana akangogwira bere, pa nthawi imene oxytocin akutsitsa mkaka. Mkaka wa m'mawere ndi madzi pafupifupi 87 peresenti, ndipo mayi amatulutsa chapafupi ndi 750 ml pa tsiku m'miyezi yoyamba. Ngakhale mwezi ndi mwezi, masiku a pambuyo poti dzira latuluka mzere uja umatsika pang'ono, ndipo amayi ena amaona mphete ikuthina kapena mapazi akulemera. Poyandikira kusiya kusamba, estrogen amakwera n'kutsika mosalongosoka, thupi limatentha mwadzidzidzi, usiku munthu amadzuka chitenje chili chonyowa ndi thukuta, ndipo pakamwa pamauma. Zonsezi zingawonjezere kapu ziwiri kapena zitatu. Sizifikitsa munthu pa malita 5 ndi maulendo anayi a kuseri usiku uliwonse.

Za anzanu nazo zili ndi mutu. Thupi la munthu wamkulu ndi madzi pafupifupi 60 peresenti kwa abambo, 50 mpaka 55 kwa amayi. Minofu ndi madzi pafupifupi 75 peresenti, pamene mafuta madzi ake ndi ochepa kwambiri. Choncho munthu akanenepa, madzi onse a m'thupi mwake amawonjezeka ndithu, koma gawo la madzi pa kilogalamu iliyonse limatsika. Thupi lalikulu limawotcha chakudya chambiri, limapanga kutentha kwambiri, ndipo mafuta a pansi pa khungu amagwira kutenthako ngati bulangeti. Ku chigwa cha Shire, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, inu muli pafupi ndi chiwaya cha mafuta owira kuyambira mbandakucha, thukuta lanu silingafanane ndi la munthu wa makilogalamu 60 wokhala mu ofesi ku Dedza. Kumwa kwambiri kuposa iye n'koyenera.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Mafuta a m'thupi si nkhokwe yongokhala phee. Amatulutsa mahomoni. Amatulutsa leptin, imene inatulukiridwa mu 1994, youza ubongo kuchuluka kwa mafuta osungidwa. Amapanganso angiotensinogen yemwe uja, ndipo mwa anthu onenepa njira ya renin, angiotensin ndi aldosterone imakhala yodzuka kuposa mmene iyenera kukhalira. Thupi limasunga mchere, BP imakwera, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kunenepa ndi BP zimayendera limodzi. Kafukufuku wa ku Malmö, ku Sweden, anapezanso kuti anthu amene chizindikiro cha vasopressin chili chokwera m'magazi mwawo amakonda kukhala ndi mafuta a pamimba ndipo amadzadwala shuga kuposa anzawo. Njala ndi ludzu zili paubale mu ubongo. Homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1, imene imauza munthu kuti wakhuta, imachepetsanso chilakolako chakumwa, moti abale athu amene akubayitsa majakisoni ochepetsa thupi monga semaglutide ayenera kumakumbukira madzi okha.

Kenako pali mkonono. Mafuta akachuluka m'khosi, njira ya mpweya imatsekeka munthu ali m'tulo, amapuma ndi pakamwa, m'mawa lilime lili louma. Pa nthawi imene akulimbana ndi kupuma, mtima umakokeka n'kutulutsa ANP uja, impso n'kupanga mkodzo wambiri usiku. Funsani amene mumagona nawo chipinda chimodzi ngati mumaliza mkonono wodukizadukiza, wokhala ngati mwasiya kupuma.

Koma chimene ndikuchiopa kwambiri mwa inu ndi insulin, homoni yochokera ku kapamba imene imalowetsa shuga wa m'magazi m'maselo. Simunandiuze kutalika kwanu, koma ngati muli pa mita 1.6, BMI yanu, muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, yachoka pa 25 kufika pafupi ndi 35, ndipo kuyambira pa 30 timati thupi lapyola. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, minofu ndi chiwindi zimasiya kumvera insulin. Kapamba amayesetsa kwa zaka kupanga wochuluka, kenako amatopa, shuga n'kuyamba kuunjikana m'magazi. Impso zimatha kubweza shuga yense m'thupi malinga ngati sanapyole chapafupi ndi 10 mmol/L, kapena 180 mg/dL pa makina ena. Akapyola pamenepo amatayikira mu mkodzo, ndipo shuga sachoka yekha, amakoka madzi. Vasopressin angachuluke bwanji, sangawabweze onse. Magazi amaphwera, maselo olawa aja amakuwa, inu mumamwa, pakamwa pamazizira kwa mphindi zochepa, koma madziwo akungodutsa ngati mu dengu. Ubongo wanu suli wolakwa ayi, ukugwira ntchito yake molondola. Ngati zili choncho mwa inu, bowo lili ku impso, ndipo amene walibowola ndi shuga.

Ndaona amayi ambiri akufika m'chipinda changa ali ndi botolo la chakumwa cha shuga m'chikwama, ena ali ndi mafirizesi m'manja, akunena kuti madzi wamba sakuwagwiranso mtima. Zimandipweteka, chifukwa kabotolo ka 300 ml ka zoziziritsa kukhosi kamakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi 7 kapena 8, ndipo aliyense wa masipuni amenewo akukulitsa bowo lija. Thobwa lothira shuga ndi tiyi wa masipuni anayi zimachita chimodzimodzi.

Dziyang'aneni pa izi. Kodi kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa mwada, khungu lake lili ngati litsiro losachoka ndi sopo? Kodi kumaliseche kumayabwa kobwerezabwereza, kuja ambiri amangoti ndi mauka? Zithupsa, zilonda zochedwa kupola, dzanzi kumapazi, maso kuona mwachimbuuzi, nyerere kuunjikana pamene mwataya madzi? Kodi mwana wachitatu uja anabadwa wopyola makilogalamu 4? Ngakhale mutayankha kuti ayi pa zonsezi, kuyezetsa kukufunikabe. Pitani m'mawa musanadye kanthu, madzi okha mukhoza kumwa. Amabaya chala, ndipo zotsatira zimatuluka pompopompo. Shuga wa munthu wosadya akakhala 7 mmol/L kapena 126 mg/dL kupita m'mwamba, kapena 11.1 mmol/L, imene ndi 200 mg/dL, pa nthawi ina iliyonse mwa munthu wa zizindikiro ngati zanuzi, amenewo ndi matenda a shuga. Akuyezeninso BP ndi mkodzo. Mukayamba kusanza, kufooka kwambiri, kusinza masana kapena kusokonekera mutu, musadikire sabata, pitani tsiku lomwelo. Ndipo chonde musadzimane madzi pofuna kuchepetsa maulendo a usiku. Munthu wa shuga wokwera akasiya kumwa amauma msanga, ndipo akhoza kukomoka.

Akapeza shuga musataye mtima. Ambiri amayamba ndi mapiritsi a metformin, ndipo shuga akatsika ludzu ndi kukodzakodza zimatha m'masiku ochepa. Kutsitsa thupi ndi 5 mpaka 10 peresenti, kwa inu makilogalamu 5 mpaka 9, kumathandiza insulin ndi BP moonekeratu. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu akachepa thupi anthu amayamba manong'onong'o, ndipo akanenepa amati banja likumuyanja. Ndikudziwanso kuti kugulitsa mandasi osalawako n'kovuta. Koma mitanda itatu ya nsima ikakhala iwiri, masamba n'kuchuluka m'mbale, mgaiwa n'kulowa m'malo mwa ufa woyera, sikelo imayamba kumva.

Shuga akapezeka kuti ali bwino, musabwerere kunyumba n'kukhala. Muuzeni dokotala mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa a BP monga hydrochlorothiazide ndi furosemide amakodzetsa, amitriptyline amaumitsa pakamwa, ndipo lithium amagonthetsa impso kuti zisamve vasopressin. Chithokomiro chogwira ntchito mopyola ndiponso calcium wochuluka m'magazi nazo zimabweretsa ludzu. Palinso matenda osowa amene ankatchedwa diabetes insipidus, amene mu 2022 madokotala anagwirizana zowasintha dzina kuti asamasokonezedwe ndi shuga. Pa matenda amenewa vasopressin amasowa kapena impso sizimumvera, ndipo mkodzo umatuluka wambiri, woyera ngati madzi a pampopi. Chothandiza dokotala kwambiri n'kuyeza: sungani mkodzo wa maola 24 m'chigubu chodziwika kukula kwake. Ukapyola malita 3, nkhaniyo njofunika kuifufuza.

Tibwere kwa mayi anu. Munthu akamakalamba, maselo olawa magazi aja amayamba kugontha. Mu 1984 ofufuza a ku Oxford anamana madzi kwa maola 24 abambo athanzi a zaka 67 mpaka 75 pamodzi ndi anyamata. Magazi a achikulirewo anaphwera kuposa a anyamata, komabe iwo anati ludzu sakulimva kwenikweni, ndipo atapatsidwa madzi anamwa ochepa, osakwanira kubweza amene anataya. Impso za wokalamba sizithanso kusunga madzi ngati kale, ndipo minofu, imene ndi mtsuko wa thupi, imakhala itachepa. Agogo ambiri amadzimananso dala poopa kutuluka panja usiku, poopa kugwa, kapena pochita manyazi kuti angadzinyowetsere.

Sindiiwala agogo ena aamuna amene anabwera nawo pa njinga mwezi wina wotentha. Ankayankhula zosamveka, mwana wawo weniweni osamuzindikira, ndipo achibale anali atayamba kale kulozana zala kuti alodzedwa. Nditawatsegula pakamwa, lilime linali louma ngati chikopa choyanika, m'khwapa mopanda ndi chinyezi chomwe. Anali atatsekula m'mimba masiku atatu osapempha madzi ngakhale kamodzi. Tinawaika diripi, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu anaitana mdzukulu wawo ndi dzina lake n'kufunsa ngati mbuzi zatsekeredwa.

Choncho mayi anu akati "ndilibe ludzu" akunena zoona, koma musadalire mawu amenewo. Madzi amangiriridwe ku zochitika za tsiku: kapu podzuka, kapu pa phala, kapu pa nsima ya masana, ina dzuwa likapendeka, ina pa chakudya chamadzulo. Ambiri akhale a m'mawa ndi masana kuti usiku asavutike, ndipo kachidebe kakhale pafupi ndi mphasa yawo. Muziwapatsira m'manja, chifukwa kapu yoikidwa pawindo imapezeka madzulo ili chidzazire. Phala lamadzimadzi, msuzi, mavwende, mango ndi tiyi wopepuka zonse zimawerengedwa. Mkodzo wawo ukhale wachikasu pang'ono chabe, osati wakuda. Akatsekula m'mimba, sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo nthawi yomweyo, muziwamwetsa pang'onopang'ono ngakhale asanapemphe. Pokhapokha ngati ali ndi vuto la mtima kapena la impso ndipo dokotala anawaikira malire a madzi, pamenepo tsatani za dokotalayo. Tsiku limene mukupita kukabayitsa chala, atengeni nawonso akayezedwe BP ndi shuga, ndipo m'thumba muikemo mabotolo awiri a madzi a panjira.